Chidindo cha Apongozi Anga

Ine ku Joni sindinapite chifukwa chofuna kuona dziko ayi. Anandipititsa ndi matalala. Anagwa masana ena, fodya wanga atatsala sabata imodzi kuti tiyambe kuthyola, ndipo pamene mitambo inkayera masamba onse anali atabooka ngati sefa. Mkazi wanga Esinati anali woyembekezera mwana wachiwiri. Ine ntchito inangotsala yozungulira chigafa chopanda kanthu, manja ali kumbuyo.

Bambo ake a Esinati, a Nyirongo a ku Kaluluma, anali atakhalitsa ku Joni. Atamva za matalalawo anaimbira foni mwana wawo. "Uwauze akweni akwere basi. Kuno kwapezeka malo a munthu wotsuka zitsulo." Akweni ndiye ine. Kwawoko amasakaniza ndi Chitumbuka, ndipo mkamwini amamutcha choncho. Dzina langa lenileni sindinalimvepo pakamwa pawo.

Esinati anandikazingira mtedza, amayi ake ananditumizira thumba la mfutso loti ndikapatse amuna awo. Ulendo wa pa basi, kudutsa Mwanza, Tete ndi Zimbabwe yense, unanditupitsa mapazi mpaka nsapato ndinatsika nazo m'manja. Apongozi ndinawapeza pa depoti atavala jekete lochindikala, wamfupi uja, imvi zitayamba m'mbali. Ndinagwada pomwepo pakati pa anthu. Iwo anayang'ana uku ndi uku.

"Dzukani msanga, akweni. Kuno mukagwada aziti mwataya ndalama, akuthandizani kufuna."

Chimene sanandiuze pa foni n'chakuti ku hositelo chipinda n'chimodzi. Mabedi awiri, chitofu cha magetsi pakati, zenera limodzi. Kwathu mkamwini sakhala mwachisawawa pamaso pa apongozi, nanga kuvula buluku? Masiku oyamba ndinkakavalira kubafa, m'nyengo yozizira ija, mano akuchita kugundana. Chakudya ndinkadikira iwo amalize. Tsiku lachitatu anamanga chingwe pakati pa chipinda n'kupachikapo bulangete.

"Ulemu tiusunge, uwu ndi wabwino," anatero. "Koma mbale ndi imodzi, ndipo ine sinditsala ndi ndiwo za munthu wamanyazi. Sambani m'manja."

Ntchito yathu inali ku galaja ya ndege, pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege. Tsiku loyamba kulowamo khosi linandiwawa ndi kuyang'ana m'mwamba. Ndege imene kwathu timaiona ngati mpheta, mmenemo inali itasegulidwa mimba, anthu akuyenda pa phiko ngati ali pa msewu. Ife tinali kumbali, ku chigawo cha mawilo. Tayala akalichotsa, limu, chitsulo chimene tayalalo limavala, ankaigawa pawiri, ine ndi mnzanga Alberto, wa ku Tete, wolankhula Chinyanja chokoka, n'kumaichotsa penti ndi kuitsuka mpaka iyere. Mankhwala ake ankadutsa m'magolovesi, zala n'kumasupuka. M'makutu munkalira ngakhale Lamlungu.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri si kukula kwa ndege, ndi malamulo. Sipanala iliyonse inali ndi malo ake ojambulidwa pa bolodi. Ikasowa imodzi, palibe woweruka mpaka ipezeke. Ukamanga kanthu, wina abwere aone, wina asaine. Ndipo kunkabwera oyendera a mitundu iwiri: ena a boma la dziko lomwelo, ena ochokera kumayiko a kutsidya kwa nyanja amene ndege zawo zinkabwera kudzakonzedwa kwathuko. Amenewa ankati ndege yawo ikapita kukakonzedwa kwa eni, malamulo awo amaitsata konko. Akapeza cholakwika ankatha kuletsa ndege zawo zonse kubwera.

Ndinadandaula tsiku lina kuti izi n'zochulutsa. Apongozi anandiyang'ana pamwamba pa kapu ya tiyi.

"Minibasi ya ku Kasungu ikaphulika tayala, dalaivala amatani?"

"Amaimika pambali."

"Anthu n'kutsika, ena kukagula chinangwa. Ndege ilibe pambali, akweni."

Iwo ntchito yawo inali yapamwamba kuposa yathu. Limu tikaitsuka inkanyikidwa m'madzi ena obiriwira, n'kutsukuluzidwa, n'kuumitsidwa, kenako inkalowa m'kachipinda ka mdima. Mmenemo munali a Nyirongo ndi nyali ya mtundu wa maluwa a jakaranda. Ngati chitsulo chili ndi mng'alu, ngakhale wochepa kuposa tsitsi, madzi aja ankatsalira mmenemo n'kumawala ngati chiphaniphani. Akapanda kuona kanthu, ankatulutsa kachidindo kokhala ndi nambala yawo n'kudinda pa pepala, ndipo limu ija inkabwerera kukanyamula anthu. Kachidindoko ankakamangirira ku chingwe cha m'khosi. Anayamba ngati wosesa, mayeso ake analemba katatu, ndipo pa galaja yonse wobwera wokhala ndi chidindo anali iwo okha. Anthu ankati limu imene yadutsa kwa Nyirongo ukhoza kugonekapo mwana.

Zaka zija zinali ndi zowawa zake. Chaka china kunabuka chipolowe chothamangitsa obwera, ndipo tinakhala masiku angapo osatuluka mu hositelo, tikudya mpunga wothira mchere. Alberto anatupa tsaya ndi dzino, apongozi n'kumamuthowa ndi kansalu kofunda uku akumunyoza kuti mwamuna wa ku Tete salira ngati mbuzi. Mwana wanga wachiwiri anabadwa, anakwawa, anayenda, ine ndikungomuona pa foni. Mwezi ukatha tinkapitira limodzi kukatumiza ya feteleza kumudzi, pobwera n'kugula mitu ya nkhuku yokazinga. Apongozi akakhuta ankaimba nyimbo za kwaya m'Chitumbuka, mawu awo oipa koopsa, ndipo ine ndinkabisala kuseri kwa bulangete lija n'kumaseka mwakachetechete.

"Ndikukumvani, akweni," ankatero. "Bedi likugwedezeka."

Ndinayamba kuona tizinthu ting'onoting'ono. Tiyi ankathira m'mbali mwa kapu. Uthenga wa pa foni ankati ndiwawerengere, akuti zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Ku ntchito ankandiitana kuti ndiwatchulire nambala ya pa limu. Lamulo linkati aliyense wa chidindo aziyezedwa maso chaka ndi chaka, ndipo iwo ankakhoza nthawi zonse. Ndinadzazindikira chifukwa chake: woyezayo anali kalaliki wa mu ofesi momwemo, ndipo kakhadi kowerenga kanali komweko zaka zonse. Apongozi anali atakaloweza ngati Atate Wathu.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Lachinayi m'mawa. Anali atadinda kale, ndipo anandiitana kuti ndidzatulutse limu. Nyali inali isanazimitsidwe. Nditaitembenuza kuti ndiinyamule bwino, ndinaona kamzere kakuwala pafupi ndi bowo la bawuti. Kanali kakafupi ngati chikhadabo cha mwana, koma kanalipo.

Mkamwini amauza bwanji apongozi kuti alakwitsa?

"Bambo," ndinatero, "mwina ndi maso angawa. Tayang'anani apa."

Anawerama. Anabweretsa nkhope pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza chitsulo. Anapukuta ndi kathonje, kamzere kaja kanazima, kenako kanatulukanso pang'onopang'ono. Kenako anatenga pepala lija, anadula mzere pa chidindo chawo, nalemba kuti limu yakanidwa.

Titaweruka sanaimbe. Anakhala pa bedi nsapato zili kuphazi.

"Akweni, pakati pa diso lamanjali pali ngati utsi. Lamanzere likadali bwinoko. Kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume ndi ulemu wanga. Chaka chimodzi basi. Inu maso anu ndi akuthwa. Muziti mukabwera kudzatenga limu, muziyang'anakonso."

Ndinavomera. Ndikanati chiyani kwa munthu amene anandipatsa mkazi, ntchito ndi theka la chipinda? Ndipo kwa milungu ingapo tinachita zimenezo. Koma ine ndinalibe maphunziro ake. Sindinkadziwa kuwala kwa mng'alu weniweni ndi kwa madzi ongotsalira. Nthawi zina ankandituma kwina, limu n'kutulutsidwa ndi Alberto. Ndege ikamanyamuka kuseri kwa galaja, ndinkaima ndi bulashi m'manja mpaka phokoso lithe. Chakudya chinasiya kukoma. Esinati pa foni ankamaliza ndi mawu omwewo nthawi zonse: "Muziwasamala bambo angawo." Ine n'kumangoti inde.

Kenako kunabwera oyendera a kutsidya kwa nyanja, a sabata yathunthu. Mmodzi wa iwo anali mayi wamtali wa imvi, wosakonda kukhala mu ofesi. Ankayenda m'zigawo, kufunsa ngakhale ife otsuka. Anandipeza ndekha pa sinki. Analankhula Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve.

"Pali chimene chimakudetsani nkhawa pa ntchito pano? Lamulo limakutetezani. Wonena zoona sachotsedwa ntchito."

Ndinayang'ana madzi a m'sinki. "Palibe, madamu."

Anandithokoza n'kupita.

Madzulo ake ndinaphika, ndinawapatsa madzi osamba m'manja, koma ine sindinasambe. Ndinagwada pakati pa mabedi awiri aja.

"Bambo, mundikhululukire. Lero ndanama chifukwa cha inu, ndipo mawa sindingathenso. Ine si wodziwa ntchito imeneyi. Tsiku lina tonse awiri tidzaphonya, ndipo pa pepala padzakhala nambala yanu. Sindikufuna kukakunenerani. Ndikupempha mupite nokha. Koma Lachisanu likafika musanapite, ine ndipita."

Nkhope yawo inasintha mmene ndinali ndisanaionerepo.

"Ndinakutengani pa chigafa chopanda fodya," anatero motsitsa mawu. "Lero mukundipatsa masiku?"

Anakoka bulangete lija n'kutseka. Chakudya chinazizira pa chitofu.

Lachitatu sanandilankhule. Lachinayi sanandilankhule. Tinkakwera basi ya ku ntchito, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Koma ndinaona kuti masiku awiri amenewo sanadinde limu ngakhale imodzi. Ankati nyali ikuvuta. Alberto anandifunsa ngati kumudzi kwagwa maliro. Ine ndinkangoganiza za Esinati, kuti ndidzamuuza chiyani.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza atavala shati yoyera ya kutchalitchi pansi pa ovolosi. Titafika pa geti anaima.

"Tiyeni, akweni. Masitepe a ku ofesi aja sindiwaona bwino."

Mu ofesi munali Mayi Mokoena, mkulu woona za malamulo pa galaja yathu, pamodzi ndi woyendera wamtali uja. Apongozi anavula chingwe m'khosi n'kuika chidindo pa tebulo. Ananena zonse: za utsi wa m'diso, za kakhadi koloweza, za mng'alu wa Lachinayi lija. Atamaliza, ine ndinanenanso zanga, kuti ndinkayang'ana malimu popanda chilolezo, ndi kuti ndinanama pa sinki paja.

Mayi Mokoena anagwira kumutu. "Baba Nyirongo, zayamba liti?"

"Ndikanena zoona, chaka chatha dzinja."

Woyendera uja analemba kwa nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kuwagwira dzanja apongozi ndi manja awiri. Ananena kuti vuto lalikulu si diso lawo, chifukwa diso la munthu aliyense limakalamba. Vuto ndi galaja imene inalola kakhadi kamodzi kukhala pa khoma zaka zonsezo.

Zotsatira zake sizinali zopepuka. Malimu onse amene anadinda kuyambira dzinja lija anayenera kufufuzidwa kumene ali, kuchotsedwa pa ndege ndi kuyezedwanso. Chigawo chathu chinaletsedwa kugwira mawilo a ndege za kunja kwa milungu ingapo. Maovataimu anatha, ndipo anzathu anatida. Ku kantini anthu ankasuntha tikakhala. Wina analemba mawu oipa pa loka yanga yosungiramo zovala. Alberto yemwe anakhala masiku osandipatsa moni, chifukwa anali akumanga nyumba kwawo. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo.

Patapita mwezi, Mayi Mokoena anatiitana tonse a m'chigawo. Anati mwa malimu onse aja, imodzi yapezeka ndi mng'alu. Inali pa ndege, m'dziko lina lakutali, ikunyamuka ndi kutera tsiku ndi tsiku. Apongozi anatuluka panja n'kukakhala pa mgolo, chipewa chili kumaso. Amene anawatsatira ndi kapu ya tiyi anali Alberto.

Kuyambira pamenepo maso ankayezedwa ndi dokotala wa kunja kwa kampani. Dokotalayo ndi amene anapeza kuti apongozi ali ndi matenda a shuga, ndipo shugayo ndi amene ankadya maso awo. A kampani anawasunga miyezi ina akuphunzitsa anthu kutsuka ndi kuumitsa zitsulo moyenera, kenako anawapumitsa. Chidindo chawo anachidula pakati ndi macheka, monga mwa lamulo, iwo akuona.

Tsiku limene ankabwerera kumudzi, pa depoti, basi itatsala pang'ono kunyamuka, anandigwira paphewa. Kanali koyamba.

"Za maso angawa kunyumba musanene. Ndikanena ndekha."

Chipinda chija chinakula nditatsala ndekha. Bulangete sindinalichotse. Mayi Mokoena, yemwe uja anandipatsa chenjezo, ndi amenenso anadzandilembetsa ku maphunziro. Anati munthu woona mng'alu asanaphunzire, aphunzire. Ndinalephera kamodzi, kachiwiri ndinakhoza, ndipo ndinakhala zaka zambiri m'kachipinda ka mdima kaja ndi nambala yangayanga. Kwa dokotala wa maso ndinkapita asanandiitane. Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonsezo, ine kapena apongozi, palibe anakwerapo ndege. Mawilo okha ndiwo tinkawadziwa.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza zinthu zitayenda popanda ine. Mwana amene ndinamusiya m'mimba anali atandipitirira msinkhu, ndipo ankandipatsa moni ngati mlendo wa ku boma. Esinati anali atachepetsa fodya n'kuwonjezera soya ndi mtedza, akuyenda pa njinga yamoto, aganyu akufunsa iye osati ine. Sindinadandaule. Munda unali wooneka bwino kuposa mmene ndinkaulimira.

Koma ku Kaluluma kunali kozizira. Apongozi aakazi anandiyankha moni atayang'ana kumbali. Alamu anga anangoti "mwabwera" n'kubalalika. Pobwerera ndinamufunsa Esinati. Anaimitsa njinga pansi pa mtengo.

"Kunamveka kuti munawanenera bambo kwa mabwana kuti mulande ntchito yawo. Anabwera nazo ndi munthu wina wochokera konko. Ndipo ntchitoyo munaitengadi. Amayi amati mkamwini anakula mwendo."

"Nanga bambo amati chiyani?"

"Amangoti anapuma. Pamaso pawo palibe amaziyamba."

"Iwe unakhulupirira?"

Anayang'ana pansi. "Sindinakufunseni chifukwa ndinkaopa yankho."

Ndinamufotokozera zonse pomwepo, m'mbali mwa msewu, fumbi la malole likutikuta. Analira, kenako anakwiya, osati ndi ine koma ndi bambo ake. Loweruka anandikoka kuti tibwererenso.

Tinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Maso anali atatheratu, koma ankapapasa tsamba ndi zala, kulinunkhiza, n'kuliika pa mulu wake osaphonya. Esinati sanazungulire. Anawauza zimene mudzi wakhala ukunena zaka zonsezi. Manja awo anaima.

"Yayi," anatero. "Yayi, yayi. Itanani amayi anu. Itanani onse."

Anthu atasonkhana pa khonde, a Nyirongo anafotokoza nkhani yonse kuyambira pa tiyi wothira pambali. Sanadzichepetsere mlandu. Ananena za kakhadi, za kugwada kwanga, za masiku awiri amene sanandilankhule, za limu imene inapezeka kutali.

"Ndinachita manyazi kunena kuti Nyirongo anaphonya," anatero. "Ndinkati ndikakhala chete nkhani ifa. Sindinadziwe kuti manyazi angawo akusenza ndi munthu wina. Pakanapanda akweniwa, bwenzi ine ndili ndi maliro a anthu osawadziwa pamutu panga, ndipo shugayu akanandipha ndisanamudziwe."

Apongozi aakazi anapotokola nsonga ya chitenje. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando wa alendo uja umene sanandipatse ulendo woyamba. Anauika pafupi ndi ine, n'kukuwira mdzukulu kuti agwire tambala.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma a Nyirongo anapempha jekete lawo. Linali tsiku la msika, ndipo anati akufuna kukagula sopo pa sitolo. Mlamu wanga wamkulu, amene ankawatsogolera masiku onse, anabwera kudzawagwira dzanja. Iwo anamukankha pang'ono.

"Lero ayi. Akweni ali kuti?"

Ndinapereka mkono. Anaukoleka mu wawo, zimene mkamwini ndi apongozi sachita kwathu kuno, ndipo tinatuluka pa msewu. Anthu ankaima ndi njinga zawo. Amayi ogulitsa tomato ankagwirana m'nthiti. Ine manyazi anandigwira, ndinayamba kufulumira kuti tikafike msanga pa sitolo.

Anandikoka mkono.

"Mukuthamangira kuti, akweni? Sopo kunyumba alipo. Yendani pang'onopang'ono, ndipo aliyense amene tikumane naye mundiuze dzina lake, ndimupatse moni. Tikafika kumapeto kwa msika, tibwererenso."